Zojambula za ku Korea ndi ku China m'zionetsero za kunja: amatisankhira ndani zoti tione?

Nabanda, ku Brighton

Moni nonse. Ndili ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kuyambira mu 2023, ndipo ndati ndilitule pano popeza pagulu pathu pali aphunzitsi a zaluso komanso abale amene anakhalapo ku Asia. M'chaka chimenecho ndinakwera sitima kupita ku Hastings, tauni ya asodzi kugombe la kummwera kwa England, kukaona chionetsero cha zojambula za Yun Hyong-keun wa ku South Korea, amene anamwalira mu 2007. Nyumba yoonetseramo, Hastings Contemporary, ili pagombe penipeni, moyandikana ndi tinyumba tamatabwa takuda, tatitali, timene asodzi ankasungiramo maukonde awo. Nditalowa ndinapeza nsalu zikuluzikulu zimene pakati pake sipanapakidwe kanthu, koma m'mbali mwake mwaima mizati yakuda bii, yofanana ndithu ndi tinyumba tija ndinatisiya panja. Kunena zoona, poyamba ndinalirira ndalama yanga ya sitima. Koma nditasendera pafupi ndinaona kuti kudako sikunachokere ku penti yakuda ayi. Ndi mitundu iwiri, wa dothi lopserera ndi wabuluu, yopakidwa mobwerezabwereza mpaka kuda, ndipo m'mphepete mwa mzati uliwonse penti inayenderera m'nsalu monga mmene mafuta a mandasi amayendererera papepala lokulungira. Ndinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu osafuna kudzuka.

Kuchokera nthawi imeneyo, ndikapuma kuntchito ndimapita ku London kukalowa m'ma gallery (nyumba zoonetsera zojambula) osiyanasiyana. Chimene ndaona n'chakuti zojambula za ku Korea zimene zatchuka kuno zambiri n'zachete, za mtundu umodzi kapena iwiri, zopanda munthu ngakhale mtengo, pamene za ku China zimene zadzaza m'mabuku ndi m'makatalogi a okushoni zili ndi nkhope zokhazokha: anthu oseka mano onse pamtunda, mabanja otuwa oyang'ana kutsogolo, nkhope ya Mao, mtsogoleri wakale wa China. Kodi anthu a mayiko awiriwa amajambuladi mosiyana chonchi kwawoko, kapena pali wina pakati amene amatisankhira zoti tione?

A Zulu, ku Chipata

Mayi Nabanda, ine za penti sindizidziwa, koma za malonda ndimazidziwa bwino. Munthu akamapita kumsika wachilendo sanyamula zonse za m'munda mwake, amanyamula zimene akudziwa kuti zikatha. Ndiye yankho langa ndi lakuti wosankhayo ndi wogula. Ndionjezere funso langa pa lanulo: nsalu ya mitundu iwiri imene mwafotokozayo, ngati ikugulitsidwa ndalama zomangira sukulu yathunthu, kodi si kupusitsana chabe kwa anthu amene ndalama zawachulukira?

A Phiri, mphunzitsi wa zaluso, ku Zomba

Bambo Zulu, funso lanu ana anga a sukulu amandifunsa chaka chilichonse, choncho ndiloleni ndiyambire patali pang'ono. Zojambula zimene Nabanda akunenazi zili ndi dzina, Dansaekhwa, mawu a Chikoreya otanthauza chojambula cha mtundu umodzi. Eni ake sanakhale pansi n'kupanga bungwe, dzinalo linamatidwa pa iwo pambuyo pake. Chionetsero chimene ambiri amachiwerengera ngati chiyambi chinachitika mu 1975, ndipo sichinachitikire ku Seoul koma ku Tokyo Gallery, ku Japan, kumene anaika pamodzi ojambula asanu a ku Korea pansi pa mutu wonena za mitundu isanu ya kuyera. Taonani kuti ngakhale poyambirira penipeni, amene ananena kuti kuyera ndi chizindikiro cha Akoreya anali anthu a dziko limene linalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945. Ndiye Nabanda sanalakwe pokayikira kuti pali dzanja la mlendo pa kasankhidweka.

Koma pa mfundo ya kupusitsana, apo ndikukana. Zojambula zimenezi nkhani yake yagona pa ntchito ya manja, osati pa chithunzi cha chinthu. Park Seo-bo, amene anamwalira mu Okutobala 2023 ali ndi zaka 91, ankapaka penti yoyera pansalu, ndipo isanaume ankadutsamo ndi pensulo mizere yambirimbiri, kupakanso, kudutsanso, tsiku lonse. Iye ankafotokoza kuti nzeruyi anaiona kwa mwana wake wamng'ono amene, atalephera kulemba chilembo m'kabokosi ka m'kope, anangokhwatchakhwatcha tsamba lonse mokhumudwa. Pambuyo pake anayamba kunyika m'madzi pepala la kwawo lotchedwa hanji, n'kumalikankha ndi chala kapena kamtengo likadali lofewa mpaka lipange timizere tokwera ngati mizere ya m'munda. Ha Chong-hyun, wobadwa mu 1935, ndiye anachita zodabwitsa kwambiri: kuyambira mu 1974 amatenga chiguduli, n'kumakankha penti yolimba kuchokera kumbuyo kwake kuti itulukire kutsogolo kudzera m'timabowo ta ulusi, ngati timikanda.

Njira ya Ha ndinaiyesapo ndi ana a Fomu 3, pogwiritsa ntchito thumba la chiguduli ndi penti yotsalira pokonza makalasi. Tinakhomera thumbalo pa felemu ya zenera lakale, ana awiri akukankha ndi thabwa kumbuyo, ena akuyang'ana kutsogolo. Penti yochepa madzi inakana kutuluka, yochuluka madzi inangochucha pansi, ndipo pofika masana manja onse anali atatopa chiguduli chitang'ambika pakona. Kuyambira tsiku limenelo palibe mwana wa kalasi imeneyo amene ananenanso kuti zimenezi angathe kuchita aliyense.

A Mwale, wophunzira ku Gwangju, South Korea

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kufotokoza kumeneku. Ine ndikufuna kuonjezera za munthu amene achemwali anakaona ku Hastings, chifukwa mawu oti "zachete" akhoza kutisokeretsa. Yun Hyong-keun anabadwa mu 1928 ndipo anamangidwa kangapo pa moyo wake. Nkhondo ya ku Korea itayamba mu 1950 anatsala pang'ono kuphedwa pamodzi ndi ena amene ankawaganizira kuti ndi achikomyunizimu. Mu 1973, akuphunzitsa pasukulu ina ya sekondale ya atsikana ku Seoul, anadzudzula zoti mwana wa munthu wina wamphamvu walowetsedwa pasukulupo mwachinyengo, ndipo mapeto ake anatengedwa n'kuimbidwa mlandu wophwanya lamulo loletsa chikomyunizimu. Ntchito inatha pomwepo. Mizati yakuda ija anayamba kuijambula atatuluka m'chitokosi chimenecho, ali ndi zaka 45. Iye mwini ankati buluu ndi kumwamba, mtundu wa dothi ndi dziko lapansi, ndipo mpata wa pakatiwo ndi chipata. Asilikali atapha anthu kuno ku Gwangju mu Meyi 1980, anajambula nsalu zingapo zimene mizatiyo siinaime chilili, yapendekeka ngati anthu akugwa motsamirana. Munthu wongoona chithunzi pafoni anganene kuti ndi zokongoletsera pabalaza, koma kuno anthu amadziwa chimene chinapendeketsa mizatiyo.

Tsopano ku funso lenileni la achemwali. Ayi, Akoreya onse sajambula mwakachetechete. M'zaka za m'ma 1980 kunabuka gulu lotchedwa Minjung, kutanthauza luso la anthu wamba, ndipo iwowa ankadzudzula a Dansaekhwa kuti anatseka pakamwa pa nthawi ya ulamuliro wankhanza wa Park Chung-hee, amene analamula kuyambira 1961 mpaka 1979. A Minjung ankajambula alimi, ogwira ntchito m'mafakitale ndi ophunzira ochita zionetsero za pamsewu, pansalu zazikulu zopachika pamakoma a mayunivesite ndiponso pozokota matabwa osindikizira. Shin Hak-chul anajambula alimi akuwokera mpunga mu 1987, boma linalanda chojambulacho mu 1989 ponena kuti chikutamanda North Korea, ndipo iye anamangidwa. Ngakhale mu 2014, chojambula cha Hong Sung-dam chonyoza pulezidenti wa nthawiyo, Park Geun-hye, sichinaloledwe kupachikidwa pa chionetsero chapadera cha Gwangju Biennale, chikondwerero cha zaluso chochitika zaka ziwiri zilizonse. Zojambula za Minjung zinakafikako ku New York mu 1988, kumalo oonetsera a Artists Space, koma sizinagwire msika ngati zinzakezo. Ndiye nkhope ndi ndale ku Korea ziliko zambiri, kungoti si zimene zimakwera ndege kawirikawiri.

Nabanda, ku Brighton

Achimwene a Mwale, za kupendekeka kwa mizati mu 1980 zandikhudza, chifukwa ine ndinangomva kulemera kwake osadziwa gwero lake. Ndiye kuti ku Korea anatitumizira zachete n'kusiya zaphokoso. Nanga ku China zinatheka bwanji kuti zikhale mosemphana?

A Mbewe, ku Lilongwe

Mayi, ndiyankheko monga munthu amene anakhala zaka zinayi ku Beijing pa maphunziro a uinjiniya, ndipo Loweruka lambiri ndinkalithera ku 798, dera la mafakitale akale limene linasanduka mudzi wa ma gallery. Nkhani ya ku China imayambira pa kusowa kwa malo oonetsera kwawo komweko. Mu 1979, patangopita zaka zitatu Mao atamwalira, gulu lotchedwa Stars linapachika zojambula zake pampanda wa kunja kwa nyumba yaikulu ya zaluso ya boma ku Beijing chifukwa mkati sankaloledwa. Mu Febuluwale 1989 ojambula atsopano analoledwa kulowa m'nyumba yomweyo pa chionetsero cha China/Avant-Garde, koma chinatsekedwa kwakanthawi tsiku loyamba lomwelo mayi wina wojambula, Xiao Lu, atawombera ntchito yake ndi mfuti. Miyezi inayi pambuyo pake kunachitika zoopsa za ku Tiananmen, pamene asilikali ndi akasinja anapha ochita zionetsero za pamsewu ku Beijing, ndipo zitseko zinatsekedwa ndithu. Ojambula ambiri anakaunjikana m'timanyumba ta lendi pafupi ndi mabwinja a Yuanmingyuan mpaka apolisi anawabalalitsa mu 1995, ndipo ogula awo anali akazembe, atolankhani ndi amalonda ochokera kunja.

Chaka chofunika kwambiri ndi 1993. Ku Hong Kong, Johnson Chang wa Hanart TZ Gallery pamodzi ndi wolemba za luso Li Xianting anakonza chionetsero cha China's New Art, Post-1989, ku Berlin kunachitikanso china chachikulu, ndipo ojambula a ku China anaonekera pa Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha mayiko ku Italy. Li Xianting ndiye anapereka mayina awiri amene anadzamatirira: Political Pop ndi Cynical Realism. Loyambalo ndi la anthu ngati Wang Guangyi, amene ankatenga zithunzi za antchito ndi asilikali za pa zikwangwani za nthawi ya Cultural Revolution, chipwirikiti cha ndale cha mu ulamuliro wa Mao, n'kuikapo chizindikiro cha Coca-Cola. Lachiwirilo ndi la Fang Lijun ndi amuna ake ometa mpala oyasamula, komanso Yue Minjun amene amajambula nkhope yake yomwe ikuseka maso ali tsinzi. Zhang Xiaogang yekha anatenga njira ina, ya zithunzi zakale za banja: bambo, mayi ndi mwana, otuwa, osamwetulira, olumikizidwa ndi kaulusi kofiira kopyapyala.

Mzungu wa ku Berlin kapena ku New York amene anali atangoona akasinja pa wailesi yakanema sanafunikire womumasulira kuti amve zojambula zimenezi. Mao akumudziwa, Coca-Cola akumudziwa, kuseka kowawa akukumva. N'chifukwa chake zinayenda mofulumira. Kenako panabwera osonkhanitsa akuluakulu. Uli Sigg, amene anali kazembe wa Switzerland ku China kuyambira 1995 mpaka 1998, anagula ntchito zambirimbiri, anazionetsa ku Bern mu 2005 pa chionetsero cha Mahjong, ndipo mu 2012 anapereka zokwana 1,463 ku myuziyamu ya M+ ya ku Hong Kong, imene inatsegulidwa mu 2021. Kwa zaka zambiri, mbiri ya luso latsopano la ku China inali m'nyumba ya munthu wa ku Switzerland kusiyana ndi m'nyumba iliyonse ya boma la China.

Nachisale, ku Johannesburg

Ine ntchito yanga ndi yoika zojambula m'mafelemu ndi kuzilongedza zikamapita ku zionetsero, ndiye ndilankhule za kuseri kwa khoma. Tisiyanitse kaye nyumba ziwiri. Pali myuziyamu, imene imaonetsa osagulitsa, ndiye pali gallery yamalonda, imene kulowa n'kwaulere koma zonse zapakhoma zili ndi mtengo, ndipo kawirikawiri mwini gallery amatenga pafupifupi theka. Ziwirizi zimadyerana. Chojambula chikaonekera m'myuziyamu yotchuka mtengo wa zinzake umakwera, ndiye amalonda amathandiza kulipira mayendedwe, inshuwalansi ndi mabuku a zionetsero zoterozo.

Dansaekhwa ndi chitsanzo choonekeratu. Akuluakulu aja anajambula zaka pafupifupi 40 dziko la kunja lisakuwalabadira kwenikweni, kupatula Lee Ufan amene anasamukira ku Japan mu 1956 ndipo anali ndi chionetsero chachikulu ku myuziyamu ya Guggenheim ya ku New York mu 2011, kenako kunyumba yachifumu ya Versailles ku France mu 2014. M'chaka chomwecho cha 2014 gallery ya Blum & Poe ku Los Angeles inaonetsa gulu lonselo, mothandizidwa ndi katswiri wa mbiri ya luso Joan Kee. Mu 2015, pa nthawi ya Venice Biennale, kunakonzedwa chionetsero cha Dansaekhwa ku Palazzo Contarini Polignac, ndipo kumbuyo kwake kunali Kukje Gallery ya ku Seoul ndi Tina Kim Gallery ya ku New York, za munthu ndi mwana wake, pamodzi ndi Boghossian Foundation ya ku Brussels. Pasanathe zaka ziwiri Park Seo-bo anali ku gallery ya White Cube ku London, ndipo mu 2017 Yun Hyong-keun anali ku gallery ya David Zwirner ku New York, patatha zaka khumi ali m'manda. Wogula wa ku America anaona zinthu zooneka ngati zimene anazolowera kwa ojambula akwawo a m'ma 1960, koma pamtengo wotsika kwambiri, ndipo zinali zambiri m'mosungira chifukwa kwa zaka zonsezo sizinkagulidwa.

Za ku China zinali zitadutsa kale m'njira yomweyo, mothamanga kwambiri. Mu Okutobala 2007 chojambula cha Yue Minjun chotchedwa Execution chinagulidwa £2.9 miliyoni pa okushoni ya Sotheby's ku London. Mu Okutobala 2008 Saatchi Gallery inatsegulira nyumba yake yatsopano ku Chelsea ndi chionetsero cha The Revolution Continues, cha ojambula a ku China okhaokha, patangopita milungu yochepa banki ya Lehman Brothers itagwa. Mitengo inatsika koopsa, ndipo ambiri amene ankajambula nkhope zoseka motsanzira anzawo anatsala ndi katundu m'manja ngati fodya wobwezedwa pa okushoni.

A Zulu, ku Chipata

Ndiye Nachisale mwangotsimikiza zimene ndinanena poyamba paja. Zonsezi ndi malonda, ndipo kukongola amakupeza pambuyo, mtengo utakwera kale.

Nachisale, ku Johannesburg

Amalume, theka la mawu anuwo ndikulivomereza, ndipo ndikupatseninso chipolopolo china. Mu 2016 apolisi a ku Seoul analengeza kuti zojambula 13 zogulitsidwa m'dzina la Lee Ufan zinali zachinyengo, munthu wina anavomera kuti zina mwa izo anazijambula ndiye, ndipo khoti linamupeza wolakwa. Koma Lee Ufan mwini wake atapita kukaziona ananena kuti zonse ndi zake. Nkhani imeneyi imandisowetsa tulo mpaka lero, chifukwa ikuonetsa kuti mtengo ukafika pena pake ngakhale mawu a mwini ntchito ndi a akatswiri ofufuza amasiyana. Theka linalo ndikulikana pa chifukwa ichi: Yun ndi Park anajambula chimodzimodzi zaka makumi angapo pamene panalibe wogula wa kunja. Msika unasankha nthawi yowatulutsira, koma sunawauze chojambula. Kwa ena a ku China a m'zaka za 2005 mpaka 2008 sindingalumbire chimodzimodzi.

Nabanda, ku Brighton

Bambo Zulu, tsiku limene ndinakhala ola lathunthu pabenchi lija sindinkadziwa mtengo wa nsalu iliyonse m'chipindamo, ndipo panalibe pepala la mitengo. Chimene chinandikhazika pansi si ndalama. Komabe za malondazo ndinazilawa kwina. Tsiku lina ndinalowa m'gallery ina ya m'dera la anthu olemera ku London, nditavala jekete ya kuntchito, kukaona ntchito za mmodzi wa akuluakulu a ku Korea omwewa. Mtsikana wa padesiki sanadzutse mutu pamene ndinapereka moni, ndipo nditafunsa pepala lofotokoza zojambulazo anandiuza kuti atha, koma banja lina litalowa pambuyo panga anatulutsa m'dirowa. Sindinakangane naye. Ndinaona zonse mosafulumira, kawiri, popeza khomo linali lotsegukira aliyense. Ndikunena izi kuti abale amene ali kuno asaope zitseko zagalasi zija: kulowa n'kwaulere, ndipo palibe amene angakukakamizeni kugula.

A Mbewe, ku Lilongwe

Pepani ndi zimenezo, mayi. Ndibwerere kwa a Zulu, chifukwa Atchaina eni ake anayamba kale kudandaula za nkhaniyi. Li Xianting yemwe uja anadzalemba mofanizira kuti luso la ku China lasanduka ngati kambale ka zokazinga za ku China patebulo la phwando la mayiko: mwini phwando amakafuna kuti tebulo lioneke la mitundumitundu, koma si ndiwo yeniyeni ya tsikulo. Ndipo si ojambula onse amene anavomera kukhala kambaleko. Zeng Fanzhi anatchuka ndi anthu ovala zophimba kumaso zoyera, ndipo chojambula chake cha The Last Supper, chimene ophunzira a Yesu avala tinsalu tofiira ta m'khosi ta ana a chipani, akudya mavwende, kupatula Yudasi amene wavala tayi yachikasu, chinagulidwa madola 23.3 miliyoni a ku America ku Hong Kong mu 2013. Koma pofika nthawiyo iye anali atasiya kale zophimba kumasozo n'kuyamba kujambula ziyangoyango za nthambi ndi udzu, pogwira maburashi awiri m'dzanja limodzi.

Amene ndimamukonda ine ndi Liu Xiaodong, wobadwa mu 1963. Iyeyu amanyamula nsalu zake kupita kumene kuli anthu, n'kumanga kachisakasa n'kumawajambula ali pomwepo. Anajambula amuna ogumula nyumba m'matauni amene ankayembekezera kumizidwa ndi damu la Three Gorges, atakhala pamatiresi akusewera makadi atavala makabudula okha. Lisson Gallery itamuitana ku London mu 2013, anakhala milungu ingapo akujambula anthu a m'malo omwera mowa ndi omwera khofi a m'dera lomwelo, kotero kuti Angerezi amene anabwera kudzaona China anadzipeza okha pakhoma. Mkazi wake, Yu Hong, nayenso ndi katswiri woima payekha, ndipo mu 2024 anali ndi chionetsero m'katchalitchi kakale ku Venice.

Kusamvana kumakhalaponso mbali inayo. Mu 2017 Guggenheim ya ku New York inakonza chionetsero chachikulu cha Art and China after 1989, ndipo chisanatsegulidwe inachotsa ntchito zitatu zokhudza nyama chifukwa cha mkwiyo wa anthu oteteza nyama. Ojambula amene kwawo ankaletsedwa ndi boma anapeza kuti kunjanso kuli malire ake, ongosiyana woika.

A Phiri, mphunzitsi wa zaluso, ku Zomba

A Mbewe, fanizo la kambale lija landikumbutsa anyamata athu ogulitsa zojambula kwa alendo m'mbali mwa nyanja, amene amabwereza mlambe, bwato ndi dzuwa lolowa chifukwa ndi zimene mlendo amayembekezera kunyamula. Ndisapitirire nazo, poti nkhani yathu ndi ya ku Asia, koma ululu wake ndikuudziwa. Chimene ndikufuna kutsutsa pang'ono ndi kugawa kwa Nabanda koyambirira kuja, kwakuti Korea ndi chete, China ndi nkhope. Zao Wou-Ki anachoka ku China kupita ku Paris mu 1948 ndipo anakhala mbali yaikulu ya moyo wake akujambula zopanda nkhope, zooneka ngati mphepo, madzi ndi mapiri osungunuka. Mu 2018 chojambula chake chachitali mamita 10, Juin-Octobre 1985, chinagulidwa pafupifupi madola 65 miliyoni a ku America ku Hong Kong, kuposa nkhope zoseka zonse zija. Kumbali ya Korea, Kim Whanki, amene anali mpongozi wa Yun Hyong-keun, anakhala ku New York kuyambira 1963 mpaka imfa yake mu 1974, akudontheza timadontho tabuluu tambirimbiri pansalu, kalikonse kozunguliridwa ndi kabokosi kake. Chojambula chake cha Universe cha mu 1971 chinadutsa madola 10 miliyoni a ku America pa okushoni ya Christie's ku Hong Kong mu 2019. Awiriwa anajambulira kunja, ali ndi chikumbukiro cha inki ndi burashi za kwawo, ndipo amafanana wina ndi mnzake kuposa mmene aliyense amafananira ndi anzake a dziko lake a mibadwo yotsatira. Onaninso kumene malonda onse akuluakuluwa anachitikira: ku Hong Kong, osati ku London kapena ku New York. Wogula wa lero kawirikawiri ndi wa ku Asia komweko.

A Mwale, wophunzira ku Gwangju

Aphunzitsi akhudza mfundo imene ndimaiona ndi maso kuno. Kunja kumathandiza kutchukitsa, koma kutchukako kumabwerera kwawo n'kusintha zinthu. Frieze, msika waukulu wa zaluso wa ku London, unatsegula nthambi ku Seoul mu Seputembala 2022, ndipo ma gallery angapo a ku Ulaya ndi ku America ali ndi nyumba zawo mumzindawu tsopano. Makampani a kuno nawonso amaika ndalama kunja: Hyundai yakhala ikulipirira ntchito zazikulu za mu Turbine Hall, holo yaikulu ya myuziyamu ya Tate Modern ku London, kuyambira 2015. Achinyamata ambiri a kuno anamudziwa Yun Hyong-keun kudzera mwa RM wa gulu loimba la BTS, amene amasonkhanitsa zojambula zake ndipo amaika zithunzi za zionetsero pa Instagram. Ndinaonapo mzere wa atsikana a sekondale pakhomo la chionetsero cha nsalu zakuda zomwe zija, aliyense foni m'manja, ndipo sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndiyamike.

Pali kusankha kwinanso kumene sitinakutchule. Mayina onse a Dansaekhwa amene tawerenga pano ndi a amuna. Choi Wook-kyung, mayi amene anaphunzira ku America ndipo anamwalira mu 1985 ali ndi zaka 45, ankajambula ndi mitundu yowala, yofiira, yachikasu, yapinki, mwamphamvu ndi mwaukali, pa nthawi imene amuna a ku Seoul ankalemekeza kuyera. Sanalowe m'gulu lililonse mwa awiri aja, ndipo anaiwalika kwa nthawi yaitali. Ntchito zake zinaoneka ku Centre Pompidou ku Paris mu 2021 ndiponso ku Whitechapel Gallery ku London mu 2023, m'zionetsero za amayi ojambula a mayiko ambiri. Achemwali a ku Brighton akanamuona iyeyu poyamba, mwina funso lawo likanakhala lina.

Nabanda, ku Brighton

Achimwene, chionetsero cha ku Whitechapel chimenecho chinandiphonya ndi miyezi yochepa chabe, chifukwa chinatha ndisanapite ku Hastings, pamene ndinali ndisanayambe n'komwe kulowa m'nyumba zimenezi. Dzina la Choi Wook-kyung ndalilemba, pamodzi ndi la Liu Xiaodong ndi la Shin Hak-chul. Ulendo wotsatira ndikafunsa padesiki, ngakhale asadzutse mutu, ngati ali ndi ojambula a ku Korea amene amajambula anthu, ndione kuti akandiyankha chiyani.

A Zulu, ku Chipata

Mukafunsenso mtengo, mayi, mudzatiuze kuno. Ine sindinasinthe maganizo pa za ndalamazo, ngakhale nkhani ya mphunzitsi womangidwa uja yandipangitsa kufuna kuiona mizatiyo ndi maso anga.

A Phiri, mphunzitsi wa zaluso, ku Zomba

Nabanda, ine ndili ndi pempho limodzi. Zonse ndafotokoza pano ndinaziona m'mabuku ndi pafoni basi, ndipo chithunzi chojambulidwa chakutsogolo chimaphwatalitsa chilichonse, moti nsalu ya Park Seo-bo imangooneka ngati khoma lopakidwa laimu. Mukadzapeza ntchito ya Ha Chong-hyun, ngati akuloleza kujambula, mudzaime chakumbali, tsaya pafupi ndi khoma, mudzajambule m'mphepete mwake kuti tione kutalika kwa penti imene yatulukira m'chigudulimo ndi kukula kwa mabowo a ulusi wake. Ndikufuna kudziwa ngati thumba lathu lija linang'ambika chifukwa cha ulusi wofooka kapena chifukwa ana anakankha mopitirira muyeso, popeza teremu ikubwerayi ndikufuna tiyesenso ndi Fomu 3 yatsopano.